Maiki ya Selotepi Yofiira

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa Lisungwi, pali amayi ena ogulitsa tomato amene amayamba kuimba kanyimbo kena chapansipansi, maso ali kumbali ngati sakundiona. Ine ndimangowirikiza kupalasa njinga. Nkhaniyi ndaisunga nthawi yaitali, koma poti amene anaiona ndi maso akhala akuifotokoza mothira mchere wambiri, ndaona kuti bola ndiulule ndekha, mwini wake wa manyaziwo.

Ine ndine wa zokuzira mawu pampingo wathu. Sukulu yake sindinapiteko. Ndinkakonza mawailesi pakhonde la golosale ina, ndiye akuluakulu a mpingo anangoti, "Uyu amadziwa mawaya," basi udindo n'kundigwera. Mikisa yathu yakale, makina olowetsamo mamaiki onse, ija ya timabatani topotokola tambirimbiri, ndinkaidziwa kuposa mmene ndimawadziwira ana anga. Ikayamba kulira ngati njuchi, ndinkaiwomba khofi limodzi mbali ya kumanzere, iyo n'kukhala chete. (Kumanja ayi. Ikamenyedwa kumanja inkazimiratu.) Nyengo yotentha ndinkaikhazika pa njerwa ziwiri n'kumaikupiza ndi chikuto cha buku la nyimbo. Kunena zoona tinkamvana.

Tsopano ndinene za mayi a kunyumba, amake Tadala, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa iwo. Mayiwa amakonda kuimba. Amaimba posesa, amaimba pochapa, amaimba posankha mbatatesi imene amakagulitsa kumsika. Kukwaya ya amayi sajomba ngakhale mvula igwe chotani. Mawu ali nawo, ochuluka ndithu, oti iwo ali kumjigo inu mumawamva muli pakhomo. Vuto ndi lakuti nyimbo ikakhotera kumanja, iwo amangopitirira kutsogolo. Anzawo akatsika, iwo amatsalako kaye m'mwamba, kenako n'kudzatsikira pena. Akuluakulu anati ukaipa dziwa nyimbo. Mkazi wanga Mulungu anamupatsa nkhope yabwino, choncho sanaone chifukwa chovutikira.

Tsiku lina, kalekale, mtsogoleri wa kwayayo, mayi Nachisale, anandikodola kuti tikaonane kuseri kwa tchalitchi.

"Bambo a Tadala, ndikulankhula ngati mlongo wanu," anatero akuyang'ana uku ndi uku. "Mayi athuwa mtima woimba ali nawo, ndipo kuwachotsa sitingathe. Koma kodi makina anuwo alibe pochepetsera pang'ono?"

"Pochepetsera palipo, mayi."

"Basi. Ine sindinanene kanthu."

Lamulungu lotsatira ndinatenga maiki imodzi, ndinaikulunga selotepi yofiira pogwirira, n'kuipereka kwa amake Tadala ndi manja awiri. "Iyi ndi yabwino kuposa onse," ndinatero. "Ndakusungirani inu. Wina asaigwire." Waya wake ndinaulowetsa pa bowo lachinayi la mikisa. Batani la pamenepo ndinalipotokola mpaka pansi, kenako ndinazula kachipewa kake kakuda n'kukaponya m'thumba la buluku, kuti aliyense woyang'ana aziganiza kuti linathyoka lokha. Kachipewako kanadzasowa patapita masiku, ine osadandaula.

Zaka khumi ndi ziwiri zinatha chonchi. Lamulungu lililonse amake Tadala ankaima kutsogolo ndi maiki yawo yofiira, maso ali tsinzinu, kuimba ndi mtima wonse m'chinthu chosapita kulikonse. Pobwerera kunyumba ankandifunsa kuti, "Lero ndamveka bwanji?" Ine ndinkayankha kuti, "Mwamveka bwino kwambiri, mayi." (Oyandikana nawo ankawamvadi, ndiye sindinkaliwerengera ngati bodza lathunthu.) Ndinkadziuza kuti ndikuwateteza, ndipo mpaka pano ndikukhulupirira kuti mbali ina zinali zoona. Mbali inayo anali mantha chabe.

Ndisaiwale kunena kuti inenso ndimaimba. Ndine wa besi mukwaya ya abambo. Nthawi yathu ikakwana ndinkakweza maiki yanga bwinobwino, popeza nyimbo yopanda besi ili ngati ndiwo zopanda mchere, kenako n'kuthamangira kutsogolo. Potuluka anthu ankandigwira chanza n'kumati, "Lero ndiye takumvani, bambo." Ine n'kumathokoza modzichepetsa.

Mtendere wonsewu unasokonekera chaka chatha, atabwera alamu anga a Lufeyo, mlongo wawo wa amake Tadala, amene amagwira ntchito ku Joni. Anafika ndi katoni yomata bwino, mphatso ya mpingo. Atatsegula munatuluka mikisa yatsopano, yaing'ono, yopepuka yoti mwana akhoza kuinyamula m'khwapa, yokhala ndi kagalasi kowala ngati ka foni. Pambali pake panali tabuleti.

"Alamu, chakale chija chipumeko," anatero a Lufeyo akusisita chinthu chawocho. "Ichi ndi cha dijito. Mukhoza kukhala kumbuyo kwenikweni, ngakhale panja, mukuyendetsa zonse ndi chala chimodzi pa tabuletipa."

Ndinagwedeza mutu ngati munthu woti zoterezi anaziona kale. Kenako anawonjezera mawu amene sindinkawayembekezera.

"Chimene chakhala chikundiwawa ine, pa mavidiyo amene mumanditumizira aja, achemwali anga ndimangoona kukamwa kukuyenda, mawu osamveka. Makina akale aja ankawapondereza. Ulendo uno ndikufuna ndiwamve ndisanabwerere."

"Eya, makina akale ndi choncho," ndinayankha, maso ali pansi.

Anandiphunzitsa masana atatu. A Lufeyo amalankhula mothamanga, Chichewa pang'ono Chingerezi chambiri, ndipo akamaliza chiganizo chilichonse ankati, "Mwamva, eti?" Ine ndinkati, "Ndamva." Munthu wa imvi, wodziwika dera lonse ngati katswiri wa mawaya, angauze bwanji mlamu wake wamng'ono kuti abwereze? Pa zonse zimene ananena ndinatolapo ziwiri. Choyamba, mikisayi imasunga m'mutu mmene mwaikonzera, moti mukhoza kukhala ndi dongosolo loyamba, lachiwiri, lachitatu, n'kumangoliitana mukalifuna. Chachiwiri, mzere wa maiki iliyonse mukhoza kuulemba dzina. Chimene sindinamve, ndipo ndikanamva bwenzi nkhaniyi kulibe, ndi chakuti timabatani totsetsereka tokwezera mawu tilipo tochepa, ndiye timagwira ntchito mosinthana ngati masamba a buku. Tsamba lina ndi ta mamaiki, mukatembenuza tomweto timasanduka ta zida ndi magulu a oimba. Pamene ankafotokoza zimenezi, ine maganizo anali pa kufunafuna kachipewa koti ndizule. Panalibe. Ndinayesa ngakhale ndi chikhadabo iwo atayang'ana kumbali.

Dongosolo loyamba analikonza okha a Lufeyo. Mzere wachinayi anaukweza kuposa yonse, n'kuthirapo eko yochuluka, ija yobwerezabwereza mawu, akuti achemwali awo amveke ngati a pawailesi. Tsiku limene anapita ku Ligowe kukaona abale, ine ndinadzitsekera m'tchalitchi ndi mikisayo. Ndinalimbana nayo mpaka thukuta kamukamu, koma ndinakwanitsa kukonza dongosolo lachiwiri, langalanga, mzere wachinayi uli pansi penipeni. Poopa kuti ndingadzasokoneze tsiku lina, ndinaulemba dzina: AMAKE TADALA OSAKWEZA. (Malembo akuluakuluwo sichinali chipongwe. Ang'onoang'ono sindinawapeze.) Kwa alamu ndinakonza zodzanena kuti waya wavuta. Ndinatuluka m'tchalitchimo ndikuimba mluzu, osakumbuka kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka la sabata yomweyo mpingo wathu unalandira makwaya a ku Ligowe ndi ku Midzemba, tsiku la kuimba kokhakokha. Anthu anachuluka moti tinachitira panja, ena m'tenti, ena pansi pa mitengo ya mango. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo amene amaidziwa Lisungwi nyengo imeneyo akudziwa kuti dzuwa lake silinyengerera. Masipika akuluakulu tinawakweza pa matebulo, awiri kuloza kwa anthu, imodzi kuloza kumsewu ndi kumsika kuti odutsa nawonso adalitsike. Ine ndinavala tayi.

M'mawa wonse zinayenda ngati loto. Ndinaitana dongosolo lachiwiri, ndinasiya mikisa pa tebulo lake, n'kuyamba kuzungulira pakati pa anthu tabuleti ili m'manja. Kunena zoona panalibe chondizungulitsa. Ndinkangofuna andione. Ndinkaima pafupi ndi madoda, n'kukweza mawu a abusa ndi chala, kenako n'kuwatsitsa, ndikuyang'ana kutali ngati si kanthu. Gogo wina wa ku Midzemba anandigwira malaya.

"Kodi mwanawe, waya wake uli kuti?"

"Palibe waya, agogo. Zimangoyenda mumphepo."

"Ndiye mphepo ikasiya?"

Ndinaseka mokweza kuti oyandikira amve kuti funsolo ndi la anthu akale.

Chakumasana mphepo ija inandibweretsera fungo la nyama ya mbuzi kuchokera kuseri kwa nyumba ya abusa, kumene amayi ankaphikira alendo. Mumvetse, abale anga. Zaka zonse za mikisa yakale sindinkatha kuchoka pa tebulo. Pamene anzanga ankalawa zotentha, ine ndinkadya zozizira anthu atabalalika, msuzi wokhawokha ndi fupa. Tsopano ufulu unali m'manja mwanga. Ndinazemba, ndinakafika kukhitchini kuja, ndinaika tabuleti pa chivundikiro cha diramu la madzi, padzuwa, n'kuuza amayiwo kuti ndabwera kudzaona ngati mawu akufika bwino mpaka kuno. Anandipatsa nthuli ziwiri zolawa. Yachitatu ndinadzipatsa ndekha.

Ndili mkati motafuna, magetsi anathima. Zimenezo sizinandidetse nkhawa chifukwa jenereta inali chire, ndipo posakhalitsa ndinaimva ikulira. Koma masipika atadzuka, anadzuka ndi njuchi zija, phokoso lakalekale limene ndimalidziwa bwino. Pomwepo wotsogolera mwambo analengeza kuti, "Tsopano tilandire eni mudzi, kwaya ya amayi a pano pa Lisungwi!"

Ndinatola tabuleti ija n'kutsala pang'ono kuiponya. Inali itatentha ngati ayironi ya makala. Galasi lake linali bii, pakati pali timalembo tondiuza kuti sigwira ntchito mpaka izizire. Ndinaiuzira mpweya. Ndinaikupiza ndi tayi. Ndinaidina ndi zala zamafuta mpaka galasi lonse linanona. Mayi wina anandifunsa ngati aithire madzi, ndipo ndikuvomereza kuti ndinaganizirako kaye ndisanakane. Kenako ndinaliyatsa liwiro kupita ku tebulo la mikisa, nyama ili kutsaya, ndikudumpha miyendo ya anthu ndi kupepesa.

Ndinafika amayi atayamba kale ndime yoyamba. Mikisa inali idakali pa dongosolo langa, zonse zili m'malo mwake, kupatula njuchizo. Munthu wanzeru akanazisiya, chifukwa palibe amene anafapo ndi kaphokoso. Koma dzanja limene lachita chinthu chimodzi zaka zambiri silidikira mutu. Ndinangoona lanyamuka lokha, n'kutera mbali ya kumanzere, phwa!

Mikisa yakale inali yolemera, inkalandira khofi osasuntha. Iyi inatsetsereka, ndipo poiwakha kuti isagwe, chikhatho changa chonse chinagwera pa mabatani. Pa kagalasi panatuluka funso la Chingerezi ndi timabokosi tiwiri, kovomera ndi kokana. Ine ndinaleredwa kuti munthu akakufunsa mwaulemu umavomera. Ndinadina kovomera.

Timabatani tonse totsetsereka tinanyamuka tokha, tina kukwera tina kutsika, popanda wotigwira. Mayi wina amene anakhala pamphasa pafupi ndi tebulo anakuwa kuti, "Mayo ine! Zikuyenda zokha!" n'kukoka mwana wake ndi mphasa yomwe. Funso lija, ndinadzamva pambuyo pake, linali lakuti kodi ndikufunadi kubwerera ku dongosolo loyamba. Dongosolo la a Lufeyo.

Mawu a amake Tadala anatuluka m'masipika onse atatu nthawi imodzi. Zaka khumi ndi ziwiri ali m'ndende, tsiku limenelo anatuluka osagogoda. Ndipo eko ija inagwira ntchito yake mokhulupirika: paliponse pamene nyimbo yawathawa, masipika ankabwereza katatu kuti amene sanamve amvetse. Mbuzi zimene zinamangidwa kumsewu zinayamba kuyankha. Ndinauzidwa kuti pasiteji makondakitala a minibasi anasiya kuitanira, ndipo kumsika malonda anaima. Dzanja la mayi Nachisale, limene linkatsogolera nyimbo, linauma m'malere. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana, ndipo m'maso mwawo ndinawerenga zonse zimene sananene kuseri kwa tchalitchi kuja.

Ndinagwira kabatani kachinayi n'kukakokera pansi. Kiyibodi inazima. (Chikhatho chija chinali chitatembenuzanso tsamba, koma ine ndikanadziwa bwanji, poti tsiku lophunzira ndinali "nditamva"?) Ndinati mwina ndawerenga molakwika, ndinakoka kotsatira. Gitala ndi ng'oma zinapita. Ndinakoka kenanso. Mamaiki a amayi ena onse anakhala chete. Amayiwo anayesa kulimbikira ndi pakamwa pokha, koma ndani angalimbane ndi masipika atatu? Mmodzimmodzi anayamba kusiya, mpaka pabwalo ponse panatsala munthu mmodzi, maso ali tsinzinu, dzanja lili m'mwamba, akulowa ndime yomaliza ndi mphamvu zake zonse.

Panatsala njira imodzi, kuzula waya wa magetsi. Ndinawerama, ndinaugwira, ndinayamba kukoka. Ndiye ndinadzutsa maso n'kuwaona amake Tadala. Nkhope yawo inali ikuwala ndi thukuta, mpango utapendekeka pang'ono, akuimba monga amaimbira pochapa zovala zanga. Mtima unandiwawa. Ndinaona kuti ndikazula, ndichita pamaso pa mipingo itatu chinthu chomwe ndakhala ndikuchita mobisa Lamulungu lililonse, ndipo aliyense adziwa kuti mwamuna wawo yemwe ndi amene wawatseka pakamwa. Ndinausiya wayawo. Ndinaimirira, manja kumbuyo, n'kumvetsera mkazi wanga mpaka kumapeto.

"Ameni" wawo anabwerera katatu kuchokera kumsika, kenako kunangoti zii. Ngakhale mbuzi zinadikira.

Woyamba kuimirira anali a Lufeyo. Ankaomba m'manja misozi ili chuchuchu. "Amayi athu ndendende!" anafuula. "Malemu amayi ankaimba chonchi! Nyimbo ili uko, iwo ali uku, koma osabwerera m'mbuyo!" Bwalo lonse linaphulika, kuseka kusakanikirana ndi m'manja, amayi a ku Ligowe akuimba nthungululu. Amake Tadala anatsegula maso, anayang'ana khamulo, anapinda maondo pang'ono mwaulemu, n'kuchoka kutsogoloko osathamanga.

Ndinayamba kuganiza kuti mwina ndapulumuka. A Lufeyo anabwera ku tebulo akupukuta m'maso. "Alamu, mwachita dala, eti? Mwawapatsa solo achemwali! Imani ndibwezeretse zinthu, kwaya ina ikubwera." Anadinadina, kenako anaima. "Kodi dongosolo lachiwirili ndi la ndani?" Ndisanapeze bodza, anali atalitsegula kale. Ndipo alamu angawa, ndi maphunziro awo onse, kuwerenga chamumtima sadziwa.

"A-ma-ke Ta-da-la... o-sa-kwe-za."

Kumbuyo kwawo kunali amake Tadala. Anali atabweretsa maiki yawo yofiira, waya atakulunga bwinobwino monga amachitira nthawi zonse, popeza sankalola wina kuinyamula. Anasuzumira pa kagalasiko. Malembo anga akuluakulu aja sankafuna magalasi a maso. Anaika maikiyo pa tebulo pang'onopang'ono ngati dzira.

"Mukamaliza mundipeza kunyumba, bambo," anatero ndi mawu ofatsa.

Bola akanandikalipira. Masana onsewo makina anayendetsa a Lufeyo, osandilankhula, ine ndikunyamula mipando imene sinkafunika kunyamulidwa.

Ndinafika pakhomo dzuwa litapendeka. Ndinawapeza pakhonde akusankha mbatatesi, zazikulu uku zazing'ono uku. Sankaimba. Chikwatirane sindinaionepo ntchito imeneyo ikugwiridwa mwakachetechete, ndipo bata limenelo linandiopsa kuposa phokoso la masana lija. Ndinaimika njinga, ndinaimasula malamba amene sanali omangika, ndinakhosomola.

"Mayi..."

Anadzuka, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi chitini chawo cha singano ndi ulusi. Anafufuzamo ndi chala. "Tambasulani dzanja." Ndinatambasula. Anandiikira kachipewa kakuda ka batani, kamene kanandisowa kalekale kaja.

"Ndinakapeza m'thumba la buluku lanu pochapa, Tadala ali Sitandade 3," anatero akukhala pansi. "Loweruka lake inali nthawi yathu yosesa m'tchalitchi. Ndinakakayesa pa makina anu aja. Kanakwana pa nambala folo."

Ndinakhala pa sitepe. "Ndiye zaka zonsezi munkadziwa?"

"Bambo, makutu ndili nawo. Munthu ungaimbe zaka zonsezo osadzimvapo m'sipika n'kamodzi komwe, n'kumati zili bwino? Mumandiyesa chitsiru?"

"Nanga bwanji simunanene?"

"Nanga inu bwanji simunanene?"

Ndinangofumbata kachipewako. Anatola mbatatesi imodzi, anaitembenuza, n'kuiponya kwa zazing'ono.

"Poyamba ndinalira," anapitiriza. "Sabata yathunthu. Inu munkati ndi chimfine, mpaka munandigulira mandimu. Kenako ndinakhala pansi n'kuganiza kuti munthuyu wachita kugula selotepi, kuzula batani, kunama Lamulungu lililonse atangotuluka m'tchalitchi, zonsezi kuopa kuti angandichotse mukwaya. Ndinati musiyeni, ndi mmene amadziwira kukonda. Ndiponso amene ndimamuimbirayo samvera pa sipika."

Ndinayang'ana kachipewa kaja m'dzanja langa. Maso anayamba kundiyabwa, ndipo panalibe utsi woti ndiunamizire.

"Lero ndinakuonani mutagwira waya," anatero.

"Si munali mutatsinzina?"

"Ndimatsinzina, koma osati onse awiri. Mukanazula, bwenzi pano mukukapempha malo ogona kwa alamu anu." Anakankhira dengu pambali. "Koma funso langa ndi limodzi, ndipo mundiyankhe zoona. Ndikamaimba pano pakhomo, inu n'kumati 'tabwerezani ija,' nazonso zinali za selotepi?"

"Ayi, mayi," ndinatero, ndipo mawu anandituluka mwamsanga kuposa khofi lija. "Pamenepo pokha sindinanamepo. Pompano ndafika, ndapeza kuli zii, ndinayesa pakhomo pagwa maliro."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, diso lomwe amayang'anira makasitomala ofuna kuchotsera mtengo. "Tiona," anatero. Ndinakoka dengu n'kuyamba kuwathandiza kusankha. Patapita kanthawi anayamba kuimba chapansipansi, nyimbo yomwe ija ya masana. Pa mzere wachiwiri inawathawa monga mwa masiku onse, ndipo ine sindinamvepo chinthu chokoma chotero.

A Lufeyo asanabwerere ku Joni anandikhululukira, koma tabuleti anaphunzitsa achemwali awo. Amake Tadala anaidziwa masana amodzi okha. Njira yawo inali yachilendo: akapanda kumva, ankanena kuti sanamve. Panopa ntchitoyi timagawana. Mzere wachinayi tinagwirizana, pamsonkhano wa anthu awiri, kuti uzikwera pang'ono, mulingo wa chala chimodzi, ndipo dzina lija ndinalifufuta iwo akuonerera. Mikisa yatsopano sindiimenyanso, ngakhale dzanja limanyamukabe lokha, ndiye ndimanamizira kukanda m'mutu. Ikakwana nthawi ya kwaya ya abambo, ine ndimapita kutsogolo, tabuleti n'kutsala ndi amake Tadala.

Miyezi yapitayi anthu akhala akuyamikira kuti kwaya ya abambo yasintha, ikumveka mwadongosolo. Ndinkanyadira nawo, ngakhale ndinadabwa kuti palibenso amene amandigwira chanza n'kunena kuti wandimva. Mwezi watha ndinasuzumira pa tabuleti mayi atapita kukapereka chopereka. Mzere wa maiki yanga unali pansi penipeni. Dzina lake linalembedwa bwino, ndi malembo ang'onoang'ono omwe iwo anawapeza mosavuta: bambo a Tadala nawonso.

Panjira ndinawafunsa. Sanachite manyazi n'komwe.

"Mtsogoleri wa kwaya yanu anandikodola kuseri kwa tchalitchi," anatero. "Koma akuti iwo sananene kanthu."

Lamulungu lotsatira anandipatsa maiki ndi manja awiri, itakulungidwa selotepi yabuluu pogwirira. "Iyi ndi yabwino kuposa onse, bambo. Ndakusungirani inu. Wina asaigwire."

Ndimaitenga Lamulungu lililonse, ndipo besi yanga ndimaiimba ndi mtima wonse, maso ali tsinzinu. Pobwerera kunyumba ndimawafunsa kuti lero ndamveka bwanji. Amati ndamveka bwino kwambiri.